Mtolankhani wodya mbale imodzi ndi anthu achidani: yankho kwa achemwali a ku Zomba

Achemwali ena amene akuphunzira za utolankhani anditumizira imelo. Akuti amamvetsera podcast ya Louis Theroux, mtolankhani wa ku Britain, kenako anaonera mafilimu ake akale n'kukhumudwa. Funso lawo ndi ili: "Munthuyu anafika bwanji pantchito yotereyi? Nanga n'chilungamo mtolankhani kumaseka ndi kudya limodzi ndi anthu olalikira chidani?"

Achemwali, zikomo. Mbiri yake ndidutsapo mwachangu. Anabadwira ku Singapore mu 1970, n'kukulira ku London, ndipo anaphunzira mbiri yakale ku Oxford. Bambo ake, a Paul Theroux, anaphunzitsapo kuno ku Soche Hill pansi pa Peace Corps mpaka anathamangitsidwa m'dziko muno mu 1965 pa nkhani zandale. Louis anayamba ndi kulemba m'manyuzi ku America, mu 1994 analowa m'pulogalamu ya pa TV ya Michael Moore, kenako BBC inam'patsa yakeyake, Weird Weekends, kuyambira 1998. Podcast inabwera mochedwa: Grounded inayamba mu 2020 anthu ali m'nyumba chifukwa cha Covid, ina ya pa Spotify mu 2023. M'menemo amacheza kwambiri ndi anthu otchuka. Ntchito imene mukufunsayi ili m'mafilimu.

Tsono pa funso lachiwirilo, tiyeni tione mpingo wa Westboro Baptist wa ku Topeka, m'chigawo cha Kansas. Unali kagulu kochepa, ambiri mwa iwo ana ndi zidzukulu za m'busa Fred Phelps. Ankapita pamaliro a asilikali ophedwa ku Iraq atanyamula zikwangwani zothokoza Mulungu kuti asilikaliwo afa, ati ndi chilango poti America ikulekerera amuna kapena akazi okwatirana okhaokha. Ife amene timavula chipewa maliro akamadutsa, zimenezi zimatiimitsa mutu. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 2011 kuti malamulo akuwalola kutero.

Theroux anakakhala nawo n'kujambula filimu imene inatuluka mu 2007. Sanapite kukakangana nawo za malemba. Ankaima kukhitchini, kukwera nawo galimoto, kufunsa timafunso tooneka ngati ta mwana. Pa chionetsero china anafunsa kamwana ngati kakudziwa tanthauzo la chikwangwani chimene kanyamula, ndipo zinaonekeratu kuti sikakudziwa. Atsikana a m'banjamo ankaoneka aulemu, ophunzira, okonda kuseka, koma akusimba mosatekeseka kuti anzawo onse a kusukulu akupita kumoto. Mtolankhani wofika ndi ukali akanangojambula anthu okuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chimene iye anaona ndi chakuti kagulu kotere kamamanga munthu ndi chikondi cha pabanja komanso mantha oti ukatuluka, mayi ako sadzakulankhulanso.

Anabwererako kukajambula mafilimu ena amene anatuluka mu 2011 ndi mu 2019, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali ulemu wa ntchito yake. Anapeza ena mwa ana aja atachoka. Megan Phelps-Roper, amene anayamba kunyamula zikwangwani ali ndi zaka 5, anatuluka mu 2012 pamodzi ndi mng'ono wake Grace. Iye mwini amanena kuti anamutembenuza mtima ndi anthu a pa Twitter amene ankamuyankha modekha, n'kumamusonyeza pamene chiphunzitso cha mpingowo chikudzitsutsa chokha.

Kudekha sikutanthauza kuvomera. Mu 2003, akujambula anthu otsatira maganizo a Nazi, odana ndi Ayuda, ku California, mmodzi wa iwo anamuumiriza kuti anene ngati ali Myuda. Theroux anakana kuyankha, ali pakhomo pa munthuyo, chifukwa kuyankha kukanakhala kuvomereza kuti funsolo lili ndi ntchito.

Komabe nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sindikufuna muichotse. Mu 2000 anatulutsa filimu yokhudza Jimmy Savile, muulutsi wotchuka wa BBC. Anamufunsa za mphekesera zoti amagwirira ana, Savile anazemba, nkhani inathera pomwepo, ndipo awiriwo anapitiriza kuchezerana. Savile atamwalira mu 2011, zinaululika kuti anachitira nkhanza anthu mazanamazana. Mu 2016 Theroux anapanga filimu ina, n'kukakhala pansi ndi ena mwa ozunzidwawo, ndipo anamva kuchokera pakamwa pawo kuti Savile anamupusitsa iyeyo.

Ndiye mukadzatumidwa ku kagulu kotere, pitani, khalani pamphasa pawo, idyani chimene akupatsani. Koma musalembe kanthu musanapeze amene anatulukamo ndi abale amene anatsala kunja akulira. Mtsogoleri ali ndi guwa lake kale. Mufunsenso funso limene wazemba, ngakhale kachitatu, ndipo mukamuona wayamba kukukondani kwambiri, mupatseni mkonzi wanu zonse mwajambula kuti azione ndi maso ena.