Musathamangire kumata mng'aluwo, yambani mwaona komwe madzi akupita

Amayi, mwati khoma la nyumba yanu ku Kapata mumzinda wa Chipata lang'aluka kuchokera pakona ya windo mpaka pansi, chitseko chayamba kuvuta kutseka, ndipo bilikileya akufuna angomata simenti mvula isanagwe. Ine ndikuti dikirani kaye. Mng'alu wopendekeka wotere, makamaka chitseko chikamakakamira, nthawi zambiri umasonyeza kuti maziko atsika mbali imodzi. Mukamata pamwamba pokha, chaka chamawa udzatseguka pomwepo.

Yambani mwadziwa ngati ukukulabe. Lembani ndi pensulo pomwe wathera, ikani tsiku, ndipo mwezi uliwonse muziujambula pafoni mutaikapo rula. Dothi la makande, lija la kumadambo, limauma n'kuchita ming'alu mu Okutobala, mvula ikayamba mu Novembala limafufuma, ndiye nyumba imakwera ndi kutsika nalo. N'chifukwa chake ndi bwino kuuona mng'aluwo pachilimwe ndi padzinja pomwe.

Koma chachikulu ndi madzi, ndipo apa ndipo ambiri timaluza ndalama. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, madzi a mvula amatsika ndi mphamvu, kuonjezapo a pamalata omwe amagwera m'mphepete mwa khoma penipeni. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera muzungulire nyumba, muone pomwe akudikha. Kumbani ngalande yowapatutsa, ikani magata ngati mungathe, ndipo thirani konkire kuzungulira nyumba, pafupifupi mita imodzi m'lifupi, yotsetsereka kuti madzi azithawa khoma. Onaninso paipi yodontha, dzenje la madzi a kubafa, ndi mitengo yoyandikira kwambiri. Bulugamu amamwa madzi ambiri n'kuumitsa dothi mbali imodzi. Ngati pamalopo panali chulu kapena dzenje loumbira njerwa lomwe anangokwirira, muuzeni womangayo.

Mng'alu ukakhala waung'ono ngati tsitsi ndipo sukusuntha, ndi wa pulasitala chabe. Bilikileya aukulitse pang'ono ndi tchizulo, achotse fumbi lonse, anyowetse, ndiye amate ndi muyezo umodzi wa simenti pa itatu kapena inayi ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi. Ngati wadutsa m'njerwa, agobe mizere yapakati pa njerwa modutsa mng'aluwo, alowetsemo waya wa brickforce, uja woyala pakati pa njerwa pomanga, kapena tizitsulo, kenako amate. Muzithirapo madzi masiku 7. Simenti imafuna chinyezi kuti ilimbe, ndipo imafika mphamvu yake pa masiku 28. Thumba lomwe lachita mibulu yolimba musalole ngakhale litsike mtengo.

Mng'alu ukapitirira mamilimita 5 m'lifupi, kapena mukaona kuti ukukula, kapena pansi pa konkire papendekeka, itanani injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia. Mungafunsenso ku dipatimenti ya mainjiniya ku Chipata City Council. Pamenepo pangafunike kukumba pansi pa maziko n'kuthiramo konkire yatsopano, ntchito yomwe imachitidwa pang'onopang'ono, pafupifupi mita imodzi nthawi imodzi, modumphiza. Musalole munthu akumbe mbali yonse kamodzi, khoma lingagwere anthu, ndipo m'chipindacho ana asamagonemo mpaka injiniya ataona.