Tulo tikakana chifukwa cha ntchito ya pa loji

Mayi wina woperekera zakudya pa loji ina chakufupi ndi Monkey Bay watumiza imelo. Akuti amalowa 5 koloko m'mawa n'kuweruka mlendo womaliza akanyamuka, mwina 11 koloko usiku. Tsiku lopuma amauzidwa mwadzidzidzi, sabata zina osapuma n'komwe. Miyezi itatu tsopano tulo sitikubwera, foni ya abwana ikalira mtima umagunda, ndipo wayamba kukalipira ana popanda chifukwa. Akufunsa: kodi ndi ntchitoyi, kapena mutu wayamba kusokonekera?

Achemwali, zimene mwalembazi si misala ayi. Munthu akadzidzimuka, thupi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kuthamanga, tulo n'kubalalika. Zimenezi zimathandiza mukaona ng'ona padooko. Vuto lanu n'lakuti thupi likuona ng'ona tsiku lililonse, ndiye silikumasukanso ngakhale mutagona pamphasa. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo. Inu mukafika kunyumba, kusamba, kugona cha m'ma 12, kudzuka 4 koloko, mwapeza maola anayi okha, komanso m'chitungu cha kunyanja kuno cha mu Okutobala. Wosagona amaiwala zimene alendo aitanitsa, amaswa mbale, amamudula malipiro, nkhawa n'kuwonjezeka, tulo n'kuthawiratu.

Koma chimene chikukudyani kwambiri, mmene ndikuonera, si kutalika kwa maola kokha. Msodzi wa usipa amachezera panyanja usiku wonse, koma amadziwa kuti mwezi ukawala apumako. Inu simudziwa za mawa. Simungalonjeze mwana kuti mupita kusukulu kwake, simungakonzekere ukwati wa m'bale. Ntchito yolemetsa yomwe mwini wake alibe chonena pa nthawi yake ndiyo imafooketsa maganizo msanga.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo wantchito apume maola 24 otsatizana sabata iliyonse. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa kamodzi ndi theka, ya tsiku lopuma kapena la holide kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka.

Yambani ndi kope. Kwa masabata anayi lembani tsiku, ola lolowera, ola lowerukira ndi ndalama iliyonse yomwe akudulani. Ambiri amalakwitsa popita kwa abwana ali okwiya, opanda cholembedwa, nkhani n'kusanduka yakuti wantchito ngwamwano. Pitani awiri kapena atatu, nthawi yomwe alendo achepa, mukapemphe chinthu chimodzi choyamba: ndandanda ya mashifiti a sabata yonse izimatidwa kukhitchini Lolemba lisanafike. Akakana, tengani kope lija ku ofesi ya zantchito ku boma la Mangochi.

Kuchipatala musadikire zonsezo. Mukangonena kuti "mutu ukupweteka" mubwerako ndi panado basi. Nenani zonse: miyezi ingati, maola angati a tulo, kugunda kwa mtima, kusowa chilakolako cha chakudya ngati kulipo. Akuyezeni BP ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa magazi nakonso kumathamangitsa mtima. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa palibe chimene chikukusangalatsani, pemphani kuonana ndi wa zaumoyo wa maganizo pa chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. Ganizo lodzipha likangobwera, uzani m'bale womukhulupirira mupite naye tsiku lomwelo. Amene wakwanitsa chaka pantchito, dokotala akamulembera kalata, ali ndi masabata anayi a tchuthi chodwala pa malipiro onse, ndi ena 8 pa theka.

Pakadali pano siyani tiyi wowirira ndi zakumwa zopatsa mphamvu dzuwa likapendeka. Mowa kapena mapiritsi ogonetsa ogula pagolosale amakugwetsani msanga, koma tulo take n'todukaduka, ndipo m'mawa mumadzuka thupi lili lolemera kuposa dzulo.