Kodi mphuno ingazindikire chuku mu mtedza?

Mayi wina wogulitsa mtedza ku Mchinji wandilembera imelo. Akuti akamasula thumba amayamba wanunkhiza, ndipo akufunsa ngati mtedza wosanunkha ndiye kuti ndi wabwino. Amvanso zoti kuli makina onunkhiza.

Mayi, mphuno yanuyo musaipeputse. Chuku ndi chinthu chamoyo. Chikamadya mafuta a mu mtedza chimatulutsa timpweya, ndipo timeneti ndi timene mumamva. Kamodzi mwa timpweyati asayansi amakatcha 1-octen-3-ol, kamene kamapereka fungo la bowa. Palinso 3-octanone ndi 3-methyl-1-butanol. Timpweyati timayamba kutuluka ubweya wobiriwira uja usanaoneke pa njere, n'chifukwa chake ofufuza akulimbana ndi makina otchedwa electronic nose: amakoka mpweya wa m'thumba, tizipangizo tomva mpweya totchedwa masensa timaulawa, kompyuta n'kuyerekeza ndi mpweya wa mtedza wabwino. Thumba silichita kukhuthulidwa, mtedza susinjidwa. Ntchito yambiri ikadali m'malabu, pamsika wa pa Kamwendo simuwapeza.

Koma pali chinthu chimene ndikufuna mumvetsetse. Chimene chimanunkha ndi chukucho, osati poizoni wake. Poizoniyo, aflatoxin, amapangidwa ndi mitundu ya chuku yotchedwa Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, ndipo alibe fungo, sauluka ngati mpweya. Chuku chikhoza kulowa mtedza udakali m'nthaka, makamaka mvula ikadula msanga mtedza ukukhwima. Mukauyanika chukucho chimaleka kukula, fungo limachepa, poizoni n'kutsala momwemo. Kukazinga sikumuthetsa, kuphika sikumuthetsa. Choncho thumba lonunkha mulikane, koma losanunkha silinakutsimikizireni kalikonse.

Zimandiwawa chifukwa mtedzawu ndi umene timasinja kuthira m'phala la ana. Aflatoxin amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa. Anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Maiko a European Union salola mtedza wodya wokhala ndi aflatoxin wopyola mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), mlingo umene mphuno ya munthu singaufike. Woyeza zoona ndi labu, monga ya Malawi Bureau of Standards.

Ndiye ponunkhiza chitani chonchi. Thumba likhale lomanga usiku wonse, m'mawa mumasule ndi kununkhiza nthawi yomweyo mpweya usanabalalike. Pisani dzanja mpaka pakati ndi pansi, chifukwa chuku chimakonda kuunjikana malo amodzi. Mukamva kutentha kapena chinyontho, zinthu sizili bwino. Fungo la mafuta osasa ndi lina, limasonyeza kuti mtedza wakalamba. Swani njere zingapo muone mkati: zachikasu, zakuda, zofota ndi zobooledwa ndi tizilombo ndi zimene zimasenza poizoni wambiri.

Kwa alimi amene mumawagula, afunseni ngati anawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda. Chizolowezi chimenechi chimadzutsa chuku. Mtedza usungidwe m'makoko, wouma mpaka ukagwedeza uzilira, matumba asanjikidwe pa mitengo, asatsamire khoma.

Njere zoipa zimene mwasankhazo musazigulitse motsika mtengo kwa osinja nsinjiro kapena chiponde, ndipo musapatse ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoniyo amadutsa mpaka mu mkaka. Zikwirireni kapena muziotche.