Mkhalakale kapena nkhalamba? Mafunso anu pa nyimbo ya Rolling Stones

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu olemba ndi kuulutsa nkhani za zoimbaimba. Onse akuzungulira pa nyimbo imodzi ya chamba cha rock yotchedwa Angry, yomwe gulu la ku England la The Rolling Stones lidatulutsa pa 6 Sepitembala 2023.

Mtsikana wina wophunzira utolankhani ku Blantyre akufunsa: "Ndidalemba kuti 'otsutsa ayamikira nyimboyi.' Aphunzitsi anga adula mzere pansi pa mawu oti otsutsa koma sadafotokoze. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi anuwo ali ndi khutu labwino. Tawerengani chiganizocho mokweza. Wotsutsa angayamikire bwanji? Kutsutsa n'kukana zimene wina wanena kapena wachita, monga timamvera za mbali yotsutsa boma ku Nyumba ya Malamulo. Anthu amene inu mukunena ntchito yawo ndi ina. Amamvetsera nyimbo mofatsa, n'kulemba m'nyuzipepala pomwe yakoma ndi pomwe yaperewera. Amenewa ndi ounika nyimbo, kapena osanthula nyimbo. Atolankhani ena amati ozukuta, ndipo nawonso ndi mawu abwino, ngakhale kwa ine amamveka bwino pa nkhani za ndale ndi chuma.

Nkhani ya Angry ikuonetsa chifukwa chake kusiyanitsa kumeneku kuli kofunika. Ounika ambiri adayamikira kuti mawu a Mick Jagger, woimba wotsogolera wa gululi, sadazilale, pomwe mkuluyu adali atangokwanitsa zaka 80 mu Julayi chaka chomwecho. Ambiri adamvanso kuti kaliridwe ka gitala koyambirira kakukumbutsa nyimbo yawo ya mu 1981 yotchedwa Start Me Up. Apa ndi pomwe adasiyana maganizo: ena adati n'chizindikiro choti gululi silidataye kalembedwe kake, ena adati n'kubwereza zakale. Padalinso odandaula kuti Andrew Watt, yemwe adakonza nyimboyi mu situdiyo, adaisalaza mopitirira, mpaka kukalipa kwa magitala komwe gululi limadziwika nako kudachepa. Nthawi zina munthu mmodzi yemweyo adalemba zoyamikira ndi zodandaulazo m'nkhani imodzi. Mukamutchula kuti wotsutsa, mwamuweruza asadatsegule pakamwa.

Ndipo Chichewa chili ndi masitepe pa nkhani yopeza zifukwa, musamangoponda limodzi. Kudandaula n'kofewa, kumachokera mumtima wa munthu amene amafuna chinthu chikadakoma. Kudzudzula n'kuloza cholakwa poyera. Kunyoza n'kuchotsa ulemu, ndipo wonyoza safuna kuti chinthucho chikonzeke. Amene adalemba za kusalaza kwa Watt adadandaula, ena adadzudzula. Mukalemba kuti adanyoza, mwawanamizira.

Bambo wina woulutsa mawu pa wailesi ya m'dera akufunsa: "Anthuwa ndi aakulu zedi. Kodi n'kulakwa kuwatchula kuti nkhalamba za rock?"

Inde bambo, n'kulakwa, pokhapokha ngati cholinga chanu ndi kuwagwetsa ulesi omvera. Liwu loti nkhalamba limaloza thupi: imvi, makwinya, mawondo ofooka. Silinena kanthu za luso. Inu mukufuna kunena za anthu amene akhalitsa pa ntchito yawo, ndipo mawu ake alipo: mkhalakale pa zoimba, akakhala ambiri akhalakale, kapenanso achiyambakale. Gululi lidayambira ku London mu 1962, dziko la Malawi lisadalandire ufulu wodzilamulira, ndipo Jagger ndi Keith Richards, onse obadwa mu 1943, akhalamo kuyambira pachiyambipo. Ronnie Wood, yemwe adalowa mu 1975, ndiye adabwera pambuyo. Ngati pali anthu oyenera dzina loti achiyambakale ndi amenewa.

Zimandipweteka ndikamva achinyamata pa wailesi akuti "timadala timeneti." Ka- ndi ti- amachepetsa, ndipo akaikidwa pa munthu wamkulu amasanduka chipongwe, ngakhale wonenayo akuganiza kuti akusereula. Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Chimbale chomwe Angry idatsogolera, Hackney Diamonds, chidafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo mu Febuluwale 2025 chidapata mphoto ya Grammy ya chimbale chabwino koposa cha rock. Mungathe kusaikonda nyimboyo, ndi ufulu wanu, koma nenani zimenezo ndi mawu oloza nyimbo, osati msinkhu wa oimba.

Pa wailesi mukhoza kunena kuti "a Jagger aimba mwamphamvu," ndi a- waulemu, chifukwa khutu la Mchewa limayembekezera ulemu umenewo pa munthu wa zaka 80. M'nkhani yolemba, dzina lopanda a- ndi lololedwa, koma mukasankha njira imodzi musasinthe pakati. Musaiwalenso liwu loti malemu potchula Charlie Watts, woimba ng'oma wa gululi kuyambira 1963, yemwe adamwalira pa 24 Ogasiti 2021. Mu Angry ng'oma adaimba ndi Steve Jordan, ndipo ambiri mwa okonda gululi chomwe chidawakhudza poyamba n'chimenecho: kumva nyimbo yatsopano popanda dzanja lomwe adalizolowera. Uku si kutsutsa ngakhale kudzudzula. N'kupukwa, ndipo mukalemba kuti "adapukwa malemu Watts," omvera anu amva bwino lomwe.

Mnyamata wina wolemba kuchokera ku Johannesburg akufunsa: "Anthu amene amakonda gulu loimba, ndi masapota kapena mafanzi?"

Masapota asiyireni mpira. Sapota amakhala ndi mbali, ndipo mbali inayo amafuna igonje, monga zimakhalira Bullets ikakumana ndi Wanderers. Pa nyimbo palibe wogonja. Mafanzi ndi mawu a pamsewu ndi pa Facebook, ndipo pocheza ndi anzanu sindingakuletseni. Polemba nkhani gwiritsani ntchito okonda gululi kapena otsatira gululi. Awiriwa amasiyana pang'ono. Wokonda akhoza kungodziwa nyimbo ziwiri zitatu n'kumavina zikalira. Wotsatira amadziwa kuti chimbale chomaliza cha nyimbo zopeka okha chisadabwere Hackney Diamonds chidali A Bigger Bang cha mu 2005, ndipo adadikira zaka 18. Pofotokoza chisangalalo chomwe chidabuka gululi litalengeza za chimbale chatsopano ku holo ya zisudzo ya Hackney Empire mumzinda wa London, otsatira ndiye liwu loyenera, chifukwa ndi iwo adadikirawo.

Mayi wina wa ku Kasungu ali ndi mafunso awiri afupiafupi: "Kodi singo ndi chimbale n'chimodzimodzi? Nanga tiziti Rolling Stones latulutsa, yatulutsa kapena atulutsa?"

Si chimodzimodzi mayi. Chimbale ndi mtolo wonse wa nyimbo, ndipo Hackney Diamonds chidatuluka pa 20 Okutobala 2023, patapita masabata opitirira asanu ndi limodzi Angry itamveka kale. Singo ndi nyimbo yotuluka payokha, kawirikawiri yoti ikope anthu chimbale chisadafike. Oimba athu amati singo ndipo liwulo lazika mizu. Mukafuna Chichewa chenicheni, nenani kuti nyimboyi idali kalambulabwalo wa chimbale.

Pa funso lachiwirilo, dzina lachilendo palokha lilibe gulu la mayina, choncho mgwirizano umachokera ku liwu lomwe mwaika patsogolo pake. Gulu la Rolling Stones latulutsa. Bandi ya Rolling Stones yatulutsa. A Rolling Stones atulutsa. Zonse zitatu n'zolondola, koma "gulu la Rolling Stones atulutsa" n'kusakaniza, ndipo ndimakumva kawirikawiri pa nkhani za madzulo. Samaliraninso nthawi ya mneni. Latulutsa amanena za chinthu chachitika kumene, fungo lake likadali m'mphuno. Pa nyimbo ya mu 2023 lembani kuti lidatulutsa.