Musanasamukire ku katauni ka kumidzi

Mwafunsa ngati katauni kakang'ono ka kumidzi kangakuyanjeni, popeza mumakonda kukwera mapiri koma kutentha simugwirizana nako. Ine ndingati yambani mwafufuza kuti malowo ndi okwera bwanji. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndiye matauni awiri oyandikana akhoza kusiyana kwambiri nyengo. Nyumba ya m'chigwa isakukopeni msanga. Usiku mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri n'kukakhazikika kumeneko, m'mawa nkhungu ili mbuu, koma dzuwa likafika pamutu mphepo siwomba, thukuta lokhalokha.

Koyenda simudzasowa. Tinjira ta m'tchire timayambira pakhomo pomwe, ndipo usiku nyenyezi zimaoneka bwino poti magetsi ndi ochepa.

Zomwe zimabweza anthu ndi zina. Chipatala chachikulu chili kutali bwanji? Msewu umadutsika mvula ikagwa? Nanga netiweki imagwira? Pitani mukakhaleko sabata yathunthu m'nyengo yovuta kwambiri pa chaka, osati pomwe kunja kuli kobiriwira. Komanso kumeneko aliyense adzadziwa nthawi yomwe mwatuluka ndi yomwe mwabwera. Ena zimawasangalatsa, ine zinanditengera nthawi kuti ndizolowere.