Musanamange mpanda, kwerani kaye padenga

Mkulu wina wa mpingo cha ku Nkhotakota walemba pa imelo. Akuba anathyola zenera la tchalitchi n'kunyamula ampulifaya ndi masipika awiri. Pepa Sande yapitayi yabweretsa kangachepe, ndiye komiti yagawikana: ena akuti timange mpanda wa njerwa, ena akuti tilembe mlonda. Kumapeto, ngati nkhani yongodutsa, akuti m'tchalitchi momwemo mumaphunzira ana a mkombaphala Lolemba mpaka Lachisanu. Atumizanso chithunzi cha nyumbayo.

Bambo, za akubazo ndiyankha, koma chithunzi chanuchi chandiimika mutu. Padenga mwatsamiza njerwa zisanu ndi tayala lagalimoto. Lata la pakona latukula mlomo. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, komatu ili likununkha, ndipo pansi pake pamakhala tiana tosatha n'kuthawa komwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga. Ayi, imaliyamwa. Ikamadutsa pamwamba pa malata imawakokera kumwamba, ndipo ikapeza khomo kapena zenera lotsegula mbali yomwe ikuchokera, imadzaza m'nyumba n'kumakankhanso cham'kati. Denga limakhala likukokedwa kunja, kwinaku likutukulidwa m'kati. Mphamvu imeneyi imakula kwambiri m'makona, m'mphepete ndi pamsonga, n'chifukwa chake kusasuka kumayambira komweko. Mwera wa miyezi yozizira umagwedeza misomali pang'onopang'ono, kenako mkuntho wa mvula zoyamba mu Novembala kapena Disembala umadzangomaliza ntchito. Njerwa zanuzo sizigwira kanthu. Lata likadzakupiza, zidzatsetsereka n'kugwera amene ali pansi.

Denga limagwirana ngati unyolo: lata ku thabwa lopingasa, thabwalo ku mtanda wonyamula denga, mtandawo ku khoma. Pamene pafooka ndi pamene padzadukire. Pa malata pakufunika misomali yopota, yachipewa, yokhala ndi labala. Yosalala imazuka yokha thabwa likauma. Ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Pakati pa denga mutha kudumpha msana umodzi, koma mzere wa m'munsi, wa pamsonga ndi m'mbali monse, msana uliwonse ulandire msomali wake. Malata asanjikizane msana umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 mpaka 20 kumapeto. Matabwa opingasa asatalikirane kuposa masentimita 90, ndipo aliyense amangidwe ku mtanda ndi waya kuwonjezera pa msomali. Mukamagula malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikachepa lata ndiye lokhuthala. Geji 28 ndi yolimba kuposa 32, ndipo ya 32 ija imang'ambika pamsomali n'kuuluka, misomali n'kutsala pathabwa ili chiimire.

Koma pomwe matchalitchi athu ambiri amagonjera ndi pa mtanda ndi khoma. Mmisiri amangokhazika mitanda, n'kuikuta ndi njerwa ziwiri, basi kwatha. Denga lotere limachoka lonse ngati chipewa. Pamafunika waya wokhuthala wa mamilimita 4, wopinda pawiri, wokoleka pansi pa ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma. Ngati nyumba ilibe ring beam, boolani khoma masentimita 60 kutsika kuchokera pamwamba, lowetsani waya, muzungulitse pamtanda, mupote mpaka alire, kenako mumate ndi simenti. Mtanda uliwonse, mbali zonse ziwiri. Musanamange, bayani matabwawo ndi nsonga ya mpeni. Ukalowa mosavuta ndiye kuti chiswe chinadya kale, ndipo kumanga waya pathabwa lofumbwa n'kutaya nthawi.

Ndinene mosabisa, vuto si ndalama. Wayayu mtengo wake sufika ndi pa sipika imodzi yomwe. Vuto ndi loti timakonda zooneka. Mpanda umaoneka, penti imaoneka, zokuzira mawu zimamveka mpaka kumsika, ndipo wopereka amaimiriridwa n'kuomberedwa m'manja. Waya wa kudenga palibe amamuimbira nthungululu. Komiti yomwe ikukangana za mpanda pansi pa denga lotsamizidwa ndi tayala yasochera, ndipo apa sindikuona zokambirana.

Pachithunzipo ndaonanso khonde lalitali lolumikizana ndi denga lalikulu. Limakongola, ndipo amayi a Mvano amapezapo mthunzi, koma mphepo ikalowa pansi pake imanyamula khonde pamodzi ndi tchalitchi. Khonde likhale ndi denga lakelake, kuti likapita lipite lokha. Malata asatuluke kunja kwa khoma kuposa theka la mita.

Kenako khoma la nsonga lija, la makona atatu, kutsogolo ndi kumbuyo. Nthawi zambiri limakhala lopyapyala, lomangira dothi, losagwira paliponse. Denga likachoka limatsala lokha n'kugwera m'kati, ndipo limatha kuvulaza anthu kwambiri. Tisaiwalenso kuti dera lathu lino la m'mbali mwa nyanja limagwedezeka. Achikulire a ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989 chomwe chinagwetsa nyumba zambirimbiri. Ngati khomalo lili ndi mng'alu, ligumulidwe mpaka pofanana ndi makoma enawo, limangidwenso ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 6 za mchenga wopanda dothi, ndipo ligwirizidwe ku mtanda woyandikana nalo. Ntchitoyi isanachitike, mphasa za ana zisayalidwe pansi pake.

Za aphunzitsi a mkombaphala

Mkuntho ukayamba, atseke mazenera ndi zitseko za mbali yochokera mphepo, asonkhanitse ana pakati, kutali ndi makoma a nsonga ndi magalasi. Asawatulutse kukabisala pansi pa mtengo wa mango, mphezi imakonda pomwepo. Ana asaweruke mpaka patatha mphindi 30 chigundire bingu lomaliza, ngakhale makolo akuwadikira. Kaundula wa mayina aitanidwe m'mawa uliwonse, chifukwa pa chipwirikiti simungadziwe amene wasowa ngati simunadziwe amene anabwera. Zitseko zikhale ziwiri, zotsegukira kunja, ndipo loko asamakhale pachitseko chachiwiri ana ali m'kati. Ndikunenetsa izi chifukwa mpingo ukangoberedwa umathamangira kuwotcherera zitsulo pazenera lililonse ndi kukhomeratu khomo la kumbuyo. Wakuba mwamutsekera kunja, inde, koma anthu anu mwawatsekera m'kati.

Tsono za akuba. Mpanda wopanda munthu umangobisa wakuba kuti agwire ntchito yake mosaonedwa ndi apanjira, ndipo mlonda amafuna malipiro mwezi uliwonse, pomwe pepa Sande sibwera mwezi uliwonse. Chotsani chomwe akufunacho. Ampulifaya, maikolofoni ndi batire zisamagone m'tchalitchi. Zizisungidwa kwa abusa kapena kwa mkulu wokhala pafupi, wotenga ndi wobweza azisaina m'kope. Lembani nambala za zipangizozo ndi kusunga malisiti, apo ayi ngakhale apolisi atazipeza simudzatha kutsimikiza kuti n'zanu. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu atatu ndipo Lolemba chikalowe kubanki. Ikani babu la sola kutsogolo ndi kumbuyo, mudziwitsenso amfumu ndi achitetezo a m'mudzi. Zotsalazo gulani waya, misomali ndi malata osinthira ong'ambikawo, ndipo kalipentala akwere Okutobala asanathe.