Ubongo, shuga ndi fragile X: kodi zakudya zisinthe?

Funso: Mwana wamwamuna wa mng'ono wanga, amene amakhala ku Johannesburg, madokotala anamupeza ndi vuto lotchedwa fragile X syndrome. Ndamva kuti ubongo wa ana otere umagwiritsa ntchito shuga mosiyana ndi wa anzawo, ndipo ena akuti mankhwala a matenda a shuga amawathandiza. Kodi timusinthire zakudya? – Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, zimene mwamvazo zili ndi gwero lake, koma kusinthako kumachitikira m'kati mwa maselo a ubongo, ndipo chakudya si chimene chimakuyambitsa. Vutoli ndi lobadwa nalo, ndipo limachititsa mwana kuchedwa kulankhula ndi kuvutika kuphunzira. Jini (kanthu ka m'maselo kamene mwana amatengera kwa makolo) yotchedwa FMR1, imene asayansi anaitulukira mu 1991 pa kromozomu X (kamodzi ka tizingwe tonyamula majini m'maselo), imasiya kugwira ntchito kachidutswa kake ka CGG kakabwerezedwa koposa ka 200, ndipo zikatero thupi silipanga puloteni ya FMRP, imene imaletsa maselo a ubongo kupanga mapuloteni mopyola muyezo pamalo pamene amalumikizirana.

Zambiri zimene zimadziwika pa nkhaniyi zinachokera pa kafukufuku wa mbewa zimene anazichotsera jiniyi. Mu 2002 gulu la Carolyn Smith ku National Institutes of Health ku America linapeza kuti ubongo wa mbewazi umatha shuga wambiri, ndipo mu 2005 linaonanso kuti umapanga mapuloteni ochuluka. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America anasonyeza kuti ma mitochondria, tinthu topanga mphamvu m'maselo, amatayikitsa mphamvuyo, kotero kuti selo limagwira ntchito yaikulu koma phindu lake n'lochepa.

Komabe mbewa si munthu. Gulu la Smith lija litajambula ubongo wa amuna a fragile X ndi makina ounikira m'thupi otchedwa PET mu 2013, silinapeze kuchuluka kwa mapuloteni kuja. Linapeza kuchepa, ndipo linakayikira mankhwala ogonetsa a propofol amene anthuwo anapatsidwa. Mankhwala a mavoglurant ndi basimglurant, opangidwa potsatira zimene zinaoneka pa mbewa, sanathandize anthu, ndipo makampani a Novartis ndi Roche anawasiya mu 2014. N'chifukwa chake ife timachenjera ndi mbiri ya metformin, mankhwala a shuga amene mukunenawo: anathandiza mbewa pa kafukufuku wa ku Montreal ku Canada wa mu 2017, koma si mankhwala ovomerezeka a fragile X, ndipo musawagule kuti mumupatse mwanayo popanda dokotala.

Mwanayo adye zakudya za magulu onse monga mwana wina aliyense. Chimene chingamupindulire kwambiri ndi kuphunzitsidwa kulankhula akadali wamng'ono, sukulu yomvetsa vuto lake, ndi chithandizo chamsanga ngati ayamba kugwa khunyu. Popeza mnyamata amalandira kromozomu X kwa mayi ake, n'kwanzeru kuti inuyo ndi abale ena a mng'ono wanu mukambirane ndi dokotala za kuyezetsa magazi, makamaka amene akufuna kudzabereka.